Chikope chikagwa kuno kunyanja

Ife a kuno ku Salima matenda ambiri timawadziwa. Malungo timawazindikira munthu asanayambe n'kunjenjemera komwe. Likodzo anafe takula nalo, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuthamangira kuchipatala usiku osadikira kuti kuche. Koma pali matenda ena amene akalowa pakhomo, banja lonse limangoyang'anizana. Munthu wagona bwinobwino, wadzuka mutu ukumuwaza mbali imodzi, cha kuseri kwa diso, ululu wake wosamva panado. Pakapita masiku pang'ono chikope chagwa. Mukachikweza ndi chala mupeza diso lapenya kumbali, silikutsata linzake. Akayang'ana panyanja akuona mabwato awiri, akafuna kutapa ndiwo dzanja likufikira pambali pa mbale. Wina tsaya lachita dzanzi, wina pakamwa papotoka moti madzi akumwa akutayikira pachifuwa.

Woyamba kutchula matendawo sakhala dokotala. Amakhala mayi woyandikana naye nyumba, amene amangosuzumira pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Imeneyo ndi hamala." Pofika madzulo womenya hamalayo wadziwika kale: amalume amene anakangana nawo za munda, kapena mnzake wa padoko amene chilimira chake chakhala chikubwera chopanda usipa. M'mawa mwake wodwala ali kwa sing'anga, amutema mphini m'mbali mwa diso, mbuzi yapita. Ena amadzera kwa aneneri kukatenga madzi. Tisanamizane, ambirife tinadutsako njira imeneyi, ndipo aliyense wotiseka ayambe wafunsa chimene chimatikokera kumeneko. Sing'anga amakupatsa yankho tsiku lomwelo, ndipo amakhala kuseri kwa mudzi, kofikika wapansi.

Tsono yerekezani ndi njira inayo. Mukwera kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu. Mzere wafika pamtengo wa panja. Dokotala, amene ali yekha ndipo wayamba kuona anthu dzuwa lisanatuluke, akubayani chala kuyeza malungo, akuyezani BP, alemba m'kabuku, akupatsani mapiritsi oletsa ululu. Sitikumunena munthuyo ayi, wachita zimene zida zake zikumulola. Mubwerera sabata yotsatira diso litatsekekeratu, akulemberani kalata ya kuchipatala cha boma. Kumeneko akuyezani shuga, magazi, makhololo, mwina ekisileyi ya pachifuwa. Kenaka mumva mawu amene tonse timawaopa kuposa jakisoni: "Bambo, apa pakufunika kujambula m'mutu. Tikutumizani ku Lilongwe."

Amene tinaperekezako odwala tamva madokotala akufotokoza, ndipo zimene amanena n'zomveka ndithu akapeza mpata wozinena m'Chichewa. Kuchokera mu ubongo mumatuluka mitsempha 12 mbali iyi, 12 mbali inayo. Si ya magazi, ndi yonyamula mauthenga. Wachiwiri ndi woonera. Wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi ndiyo imatembenuza diso, ndipo wachitatuwo ndi umenenso umakweza chikope. Wachisanu umamvetsa kukhudza ndi ululu kumaso, wachisanu ndi chiwiri umayendetsa nkhope pomwetulira ndi potsinzina. Ingapo mwa mitsempha imeneyi imadutsira pamodzi pakampata kopapatiza kuseri kwa diso, pansi pa ubongo, ngati anthu opanikizana pakhomo la minibasi. Kanthu kakang'ono kakatupa pamenepo, kosaposa mtedza, yonse imafinyika nthawi imodzi.

Chotupacho nthawi zina si khansa ndipo mulibe kachilombo. Ndi asilikali a m'thupi omwe aja timamva kuchipatala, amene asonkhana pamalo amodzi popanda mdani n'kupanga chibulumwa. Mtundu wina wa matendawa umatchedwa Tolosa-Hunt, potengera dokotala wa ku Spain, Eduardo Tolosa, amene anawafotokoza mu 1954, ndi wa ku America, William Hunt, amene analemba za odwala ena mu 1961. Mtundu wina, wotchedwa IgG4, madokotala a ku Japan anauzindikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Akuti Tolosa-Hunt amagwira munthu mmodzi mwa anthu miliyoni pachaka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Salima tilimo pafupifupi 480,000, ndiye mwa masamu amenewo boma lonse lingakhale ndi wodwala mmodzi pa zaka ziwiri.

Apa ndi pamene ena amatitsekera pakamwa. Akuti matenda osowa chotere simungawawonongere ndalama, pamene ana akufa ndi malungo ndipo amayi akufa pobereka. Zomveka. Koma nanga bwanji a zikope zakugwa ndi a pakamwa popotoka timawaona ku Chipoka, ku Lifuwu, kwa Khombedza, pa Kamuzu Road pomwe? Yankho lake madokotala omwewo ndi amene anatipatsa: matenda ambiri amavala nkhope yomweyo. TB imatha kupanga chotupa mu ubongo kapena kukhwimitsa kansalu kokuta ubongo n'kufinya mitsempha. Kwa amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, pali matenda oumitsa khosi amene amachita zomwezo. Shuga wokhalitsa amafooketsa mtsempha wa diso. Khansa ya kuseri kwa mphuno imakwera n'kufika pomwepo. Mtsempha wa magazi ukafufuma umapsinja wachitatu uja, ndipo umenewo ukaphulika munthu amatha kufa tsiku lomwelo. Chotupa chosowa chija dokotala amachitchula pomalizira, atatsimikiza kuti enawa palibe. Ndiye makina amene angapeze wodwala mmodzi uja ndi omwewo amene angapulumutse ena onsewa. Nkhani ya kusowa kwa matenda isatitsekere pakamwa.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi ichi: mankhwala a chotupa chosowa chija ndi otchipa. Ndi timapiritsi toyera totchedwa prednisolone, topezeka ngakhale m'mafamase a pa boma pano. Ngati chotupacho chilidi cha mtundu uja, ululu umazilala pasanathe masiku atatu, ndipo diso limabwerera pang'onopang'ono pa masabata kapena miyezi. Munthu amene mudzi unali utamulira kale amabwerera kunyanja kukaponya khoka. Koma timapiritsi tomweto n'toopsa. Timagonetsa asilikali a m'thupi, choncho ngati chofinya mitsempha ndi TB ndipo munthu sakumwa mankhwala a TB, matendawo amapeza khomo lotsegula. Khansa ina ya m'magazi imafota ikakumana ndi prednisolone, wodwala n'kumayenda akuthokoza Mulungu, kenaka imabwerera itakula, nthawi yabwino yoigwira itadutsa. Ndiye dokotala wanzeru sapereka asanaone chithunzi. Mankhwala ali m'kabati pa Salima pano, koma chilolezo chowamwera chili makilomita pafupifupi 100 kuchokera pano, kutsidya kwa mapiri a msewu wa M14.

Amatiuza kuti chipatala cha boma n'chaulere. Inde, pakhomo pake salipiritsa. Koma msewu ndi waulere? Ambulansi, ikakhala ndi mafuta, imanyamula mayi amene mwana wapingasa ndi munthu wa ngozi ya pamsewu, ndipo ife sitingatsutse. Bambo wotha kuyenda, wa diso limodzi lotseka, amauzidwa kuti adzipezere thiransipoti. Sangapite yekha poti akuona misewu iwiri, ndiye matikiti ndi a anthu awiri. Gadiyani anyamule ufa, poto, makala, kausipa kouma, chitenje chofunda pakhonde. Kunyumba kwatsala ana ndi munda wosapalira. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi sumakhala pamodzi, ndipo mafuta akasowa kondakitala amatchula mtengo akuyang'ana kumbali. "Akulu, mukwera kapena mutsala?" Timagulitsa thumba la mpunga wa ku Lifuwu limene linali la fizi, timapinyolitsa njinga, ena amagulitsa ukonde womwe umawadyetsa.

Ndipo ulendo sukhala umodzi, apa ndiye pogona nkhani. Ulendo woyamba ndi wokaonana ndi dokotala, amene amakulembera tsiku lojambulitsa. Wachiwiri ndi wokajambulitsa, ngati makina ali moyo ndipo mankhwala obaya kuti chotupa chioneke bwino alipo. Makina akafa palibe amene amakuimbira foni, umakamvera pawindo utalipira kale minibasi. Wachitatu ndi wokamva zotsatira, chifukwa wodziwa kuwerenga zithunzizo ndi wosowa kuposa makinawo. Pakati pa maulendowa pamadutsa masabata. Kuli zipatala zolipira kumene amajambula tsiku lomwelo, koma mtengo wake ukaumva umangoseka, n'kutuluka mwaulemu. Mtsempha wofinyika sudziwa za tsiku lolembedwa m'kabuku. Ukakhala wa kuona, ukafa wafa, ngakhale chotupa chidzaphwe pambuyo pake.

Ambiri amathera pa ulendo woyamba. M'mabuku a kuchipatala amalembedwa kuti sanabwerenso, ngati kuti anachita mwano. Kumudzi timadziwa kuti mbuzi zinatha.

Tisakhale osayamika. Dziko lino linayenda ndithu pa nkhani ya mutu. Makina oyamba a MRI anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, kudzera m'kafukufuku wa malungo a mu ubongo amene Dr Terrie Taylor ndi anzake akhala akuchita kumeneko, ndipo ndi makina amenewo anasonyeza mu 2015 kuti ana ambiri ofa ndi malungo otere amafa chifukwa ubongo watupa. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe anatsegula labu yoyeza tinyama todulidwa m'thupi mu 2011, mothandizana ndi a UNC Project. Mu 2023 kunatsegulidwa LION, chipatala cha mafupa ndi maopaleshoni a ubongo, ndi thandizo lochokera ku Norway. A maso ambiri a kuno amathandizidwa ku Nkhoma. Zonsezi n'zabwino, ndipo alipo abale athu amene ali moyo lero chifukwa cha zimenezi. Kungoti mukaziika pamapu, zonse zili kumtunda ndi kum'mwera. Mzere wonse wa nyanja, kuchokera ku Nkhotakota kudzafika ku Chipoka mpaka ku Golomoti, mutu ukavuta timayang'ana kumapiri.

Chotipsetsa mtima china timachiona ndi maso sabata ndi sabata. Misonkhano ya zaumoyo imachitikira kwathu kuno. Magalimoto akuluakulu oyera amatsika M14 Lolemba, kulunjika kumahotela a ku Senga Bay, kukakambirana za kufikitsa chithandizo kwa anthu akumudzi. Anthu akumudziwo ndife, amene timawagulitsa chambo pamsewu. Lachisanu magalimoto aja amakwera kubwerera ku Lilongwe, kumbuyo kuli nsomba ndi mipando ya chiwale, mipando iwiri yapakati ilibe munthu. Pa siteji amadutsa mayi atagwira dzanja mwamuna wake womanga kansalu kudiso, akudikira minibasi yoti idzaze. Sitikuti mabwana asadye chambo, adye ndithu, ndi malonda athu. Koma mafuta a msonkhano umodzi angapititse odwala angati kokajambulitsa? Atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Ana obadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana awo, ndipo zaka zambiri bajeti yathu siifika pamenepo.

Nafenso tili ndi zathu, tisangoloza ena. Dokotala akanena kuti akufuna kutenga madzi a pamsana, banja lonse limaimirira. "Adokotala, zimenezo ayi, bola timutenge." Tonse timadziwa wina amene anatengedwa madziwo n'kumwalira mawa lake. Chimene sitinena n'chakuti tinamupititsa atakomoka kale, atatha mwezi kwa sing'anga. Madzi amenewo ndi amene amasonyeza ngati muli TB kapena matenda oumitsa khosi, ndipo kuyeza kwake kumatheka ngakhale kuchipatala cha boma osakwera minibasi. Tikakana, tatseka tokha khomo limene linali pafupi. N'chimodzimodzi akanena zodula kanyama kuti akayeze: timamva ngati akufuna kutsegula mutu wonse, pomwe nthawi zina ndi njira yokhayo yosiyanitsira khansa ndi chotupa wamba. Komanso madokotala atithandize. Munthu wamantha safuna fomu yoti asaine, amafuna wina akhale naye pansi amuuze kuti singano ilowa pati, ifuna chiyani, ndipo akakana chichitike n'chiyani. Mphindi zisanu zokha. Sing'anga amatha ola lathunthu akumvetsera.

Palinso anzathu ochenjera amene anamva kuti timapiritsi toyera tija timachiza, ndiye amakagula okha pamsika, kwa anyamata oyala mankhwala padzuwa pambali pa mabatire ndi sopo. Akamwa ululu umaleka, nkhope imadzaza, anthu n'kumati wanenepa, wachira. Kumeneko si kunenepa. Mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amakweza shuga ndi BP, amatupitsa nkhope, amafooketsa mafupa, amabutsa zilonda za m'mimba. Ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono motsatira dokotala, apo ayi thupi limafooka koopsa. Ngakhale amene anawalandira moyenera kuchipatala amagwa m'dzenje lomweli: mapiritsi atha, tsiku lokaonedwanso lafika, ndalama ya minibasi palibe. Amangosiya. Matendawa amatha kubwereranso patapita miyezi kapena zaka, ndipo akabwerera mudzi umati, "Tinanena ife, za chipatala sizingathe hamala."

Wodwala TB ya mu ubongo ndiye ali ndi ulendo wautali kuposa apa, chifukwa mankhwala ake amamwa miyezi yambiri kuposa a TB ya m'chifuwa, nthawi zina chaka chathunthu. Koma iyeyo bola, akangodziwika mankhwala amalandirira kufupi ndi kwawo. Vuto lonse lili pa kudziwikako.

Taganizani za ntchito zathu kuno. Msodzi amapalasa usiku, kuyang'ana nyali za anzake ndi mafunde a mwera. Wa kabaza amapinda pakati pa malole pa Kamuzu Road atanyamula mayi ndi mwana. Telala amalowetsa ulusi pasingano. Mayi woyanika usipa pathandala amasankha ndi maso. Onsewa akayamba kuona ziwiriziwiri, ntchito yaima tsiku lomwelo, ndipo palibe ofesi imene imawalipira masiku odwala. Kanzeru kakang'ono koti ukatseka diso limodzi ndi kansalu zinthu zimabwerera kukhala chimodzi, ambiri amakatulukira okha patapita masabata akudzandira, popanda wowauza.

Ndiye pali amalume aja anatchulidwa tsiku loyamba. Chithunzi chikachedwa miyezi itatu, iwo amakhala mfiti miyezi itatu. Ana awo satunga nawo madzi pamjigo, pamaliro amakhala okha. M'dziko muno nkhalamba zamenyedwapo ndi kuphedwa pa nkhani zotere, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mfumu ingaweruze bwanji, pomwe achipatala sananene chimene chatseka disolo? Pepala lochokera ku makina lija silichiza wodwala yekha, limamasulanso munthu wosalakwa. Koma pepalalo likafika mochedwa, mabanja awiri adana kale mpaka kumanda.

Sitikupempha MRI pa chipatala chilichonse cha kumudzi, tikudziwa kuti magetsi ake omwe sangakwane. Zathu n'zapafupi. Wodwala asanakwere minibasi, achipatala cha kuno aimbe foni kumtunda, atsimikize kuti makina akugwira ntchito ndipo tsiku lake ndi liti, kuti kuonana ndi dokotala ndi kujambulitsa zichitike pa ulendo umodzi. Zotsatira zibwere pa foni kwa dokotala wa kuno. Ngati ndalama zimayenda pa foni kuchokera ku Johannesburg kufika kwa Maganga m'kanthawi kochepa, chithunzi chingalephere bwanji kuchoka ku Lilongwe? Pakhale galimoto ya tsiku lodziwika pa sabata yonyamula otumizidwa amene sali a ambulansi. Katswiri wa mitsempha kapena wa maso azitsikira kuno pa nthawi yodziwika, aone odwala, asiyeko nzeru kwa madokotala athu. Mankhwala opitiriza ndi kuyezedwa shuga zizichitikira konkuno. Ndipo aphungu athu, amene pa kampeni amatigulira mabokosi a maliro mosanyinyirika, akafunse ku Nyumba ya Malamulo kuti makina ojambula m'mutu a CT a maboma a m'mbali mwa nyanja adzabwera liti.

Alangizi a zaumoyo ndi mawailesi a m'dera atithandizenso. Za malungo, za kolera, za katemera timazimva mpaka kuziloweza. Za chikope chakugwa, kuona ziwiriziwiri, dzanzi la kumaso ndi mutu wowawa mbali imodzi sitinamvepo wina akulengeza pa msonkhano wa mfumu. Anthu sangathamangire chimene sanauzidwe kuti n'choopsa.

Kwa inu anzathu a kwa Pemba, kwa Ndindi, kwa Kuluunda ndi kwina konse: wanu akadzuka chikope chitagwa kapena akuona ziwiriziwiri, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kabuku kali m'manja, ndipo mukanene zonse, za chifuwa, za shuga, za ma ARV ngati akumwa. Musamugulire mapiritsi a pamsika. Akapempha madzi a pamsana, funsani mafunso onse amene muli nawo, kenaka mulole. Mbuzi imene mukanapereka kwa sing'anga muisunge, idzafunika pa thiransipoti ya ku Lilongwe.